Chifuwa Chobwereka

"Ndikufunsa iwe Vero. Chifuwa chija unachitenga kuti?"

A Maliko Phiri anafunsa ali chiimire pabwalo, njinga asanaitsamize n'komwe kukhoma. Veronika, mwana wawo wachiwiri, anali pamphasa ndi amayi ake, a Agnes, akuthothola mtedza. Sanadzutse mutu.

"Chifuwa chiti, ababa?"

"Usandiyankhe ngati ndine mnzako wa ku gulu lanu la zisudzo. Ndikuchokera kwa Greyson. Ndalowa m'kanyumba kake ka vidiyo kaja, munthu wa imvi ine, kukapanikizana pabenchi ndi anyamata a kabaza, kuti ndione chimene anthu akhala akundipatsira moni sabata yonseyi. Ndachiona."

"Ndiye mwaona kuti mwana anagwira ntchito," anatero a Agnes. "Ngakhale abambo mfumu ananena m'tchalitchi kuti aliyense akaonere."

"Iwe Nabanda, ndikamayankhula ndi mwana uzisunga pakamwa. Filimu ili mkati, pamene uyu wagona pamphasa akutsokomola, Cyprian wa dimba la kuseri kwathuku anandigwira paphewa. Akuti, 'A Phiri, kutsokomola uku si kwachilendo. Ndimakumva m'mawa uliwonse ndikamadutsa kuseri kwa nyumba yanu. Kodi mwana wanu wamkulu mumati anabwerera ku Chipata uja, Chipata yake ndi iti?' Pamaso pa anthu! Ine, wapampando wa mphakati wa tchalitchi chathu!"

Ngati kuti wamva dzina lake, munthu anatsokomola kuchipinda cha kuseri. Kunali kutsokomola kouma, kodukizadukiza, kothera ndi kamluzu kochokera pansi pa nthiti. Onse atatu anadikira kuti kuthe.

Wotsokomolayo anali Caroline, mwana wawo woyamba. Anakwatiwa ndi dalaivala wa thiraki wa ku Zambia amene anakumana naye pa boda akugulitsa mazira owiritsa. Mwamunayo atamwalira, Caroline anabwera kwawo atatsala mafupa. A Maliko anamuika m'chipinda chosungiramo matumba a chimanga, nakhoma saka pawindo, ndipo aliyense wofunsa ankamuuza kuti mwana anangodzapereka moni, anabwerera. Mudzi unalandira bodzalo mwaulemu, pakuti zaka zimenezo, njala ya 2002 itangodutsa, nyumba zambiri zinali ndi chipinda chake cha kuseri.

Kenako kunabwera anthu a bungwe lina la ku Lilongwe ndi makamera awo, akufuna mtsikana woti asewere filimu ya Edzi. Anayesa atsikana a m'magulu a zisudzo kuyambira ku Kachebere mpaka kwa Zulu. Onse ankadwala mokuwa, kugubuduka ndi kuponya miyendo, monga amachitira pa tsiku lotsekera sukulu. Veronika anangokhala pansi, natsamira khoma, natsokomola. Mkulu wa filimuyo anavula magalasi. Umo ndi mmene mwana wa a Maliko anasandukira Tiyanjane, mtsikana wogulitsa mazira pa boda, amene tsopano tepi yake inali kuzungulira m'nyumba za vidiyo za Mchinji yense.

"Anandiuza kuti ndionetse munthu wodwala," anatero Veronika. "Wodwala amene ndimamudziwa ndi mmodzi. Womusambitsa ndine, womutayira ndowa ndine. Mumafuna ndikatengere kwa yani?"

"Bongololo sadzolera mafuta pagulu! Wanyamula za m'nyumba muno wakaziyala pa msika ngati kaunjika. Ndi mazira omwe! Anthu akowo sakanakupatsa nthochi kapena tomato kuti uzigulitsa?"

"Za mazirazo ndinawauza ndine."

A Maliko anaitsamiza njinga ija mwamphamvu mpaka belu linalira lokha.

"Madzi akatayika saoleka, bambo a Karo," anatero a Agnes motsitsa mawu. "Anthu adziwa, adziwa basi. Mwina tsopano timutulutse mwanayu aziothera dzuwa ngati munthu. Juni uno kuchipinda kuja kukuzizira ngati kudambo."

"Kutuluka atuluka, koma atulukira ku Zambia. Matendawa anawatenga kwa mwamuna wake, abale a mwamunayo akawasamale. Ndikayankhula ndi mwini ngolo. Mwezi uno usanathe timudutsitsa njira ya kumunsi, imene amadutsa ozembetsa feteleza."

"Mwana wa mbumba yathu akafere kuchimuna? Zinayamba liti zimenezo? Inu pano ndinu mkamwini. Ana awa mwini wake ndi achimwene anga, a Benedicto."

"Aitaneni a Benedicto anuwo, tiwamve."

A Benedicto anabwera pakati pa sabata. Asanakhale pansi anagwira Veronika chanza ndi manja awiri. Anali ndi tiyirumu pa msika, ndipo chitulukire filimu anakhoma chithunzi cha Tiyanjane pamwamba pa shelefu ya masikono, n'kumauza aliyense womwa tiyi kuti ameneyo ndi mwana wa mlongo wawo, anamulera okha. Anamvetsera mbali zonse ziwiri maso ali kudenga, monga amachitira anthu amene afika ndi chigamulo m'thumba.

"Mlongo wanga, nkhani iyi ndi khoswe wa pamkhate. Ukati umenye khoswe, waswa mkhate. Alamuwa akunena zoona, iwenso ukunena zoona. Koma taganiza. Vero watchuka. A ku Lilongwe aja atumiza mawu kuti akumufunanso, pali filimu ina, mwinanso za pa wailesi. Lero anthu akuti mwanayu ali ndi luso. Mawa akaona chimene chili kuseriko adzati sankasewera ayi, nayenso ali nako kachilombo. Ndani adzamulembe ntchito? Ndani adzamukwatire? Mapanga awiri avumbwitsa. Tisunge amene ali ndi ulendo kutsogolo."

"Achimwene, onsewa ndinawabala ndine."

"Sindikukana. Koma ku Zambia nakonso ndi anthu. Sitikumutaya m'tchire."

"Atsibweni," anatero Veronika, "simulowa kukawaona asisi?"

"Ndiwe mwana iwe. Wodwala akagona sadzutsidwa."

Ananyamuka, nati kutiyirumu asiyako mphika pamoto. Veronika anawaperekeza mpaka pa msewu monga mwa mwambo, mtima ukumuwawa. Poyamba mkulu wake ankathamangitsidwa chifukwa cha mpando wa abambo ake, tsopano ankathamangitsidwa chifukwa cha iye. Chimene chinamuchititsa manyazi kwambiri n'chakuti mawu a atsibweniwo anamulowa. Ku Lilongwe ankakufuna ndi mtima wonse. Chiyambire ali wamng'ono, akusewera Mariya pa Khirisimasi ku parishi ya Guilleme atafunda nsalu ya patebulo, sanafunepo chinthu china.

Kutchukako kunali kokoma, tisaname. Pa mjigo amayi ankamulola kutunga asanafike pamzere. Madalaivala a minibasi ankamuimbira hutala akumukuwira kuti, "Tiyanjane, mazira bwanji?" Atsikana a ku sekondale anayamba kumanga mpango mopendekeka ngati mmene iye anamangira mufilimu. Loweruka lina kunafika amayi a mphakati, otsogozedwa ndi mayi Rozi, amene nawonso a bungwe aja anawajambulako pamodzi ndi anthu ena a m'mudzimo. Anakhala pakhonde, miyendo tambalale, nkhani yonse ili ya filimu.

"Mwana iwe unatiliza," anatero mayi Rozi. "Ine ndaonera kangapo, koma pofika pamene ukupempha madzi paja misozi imangotsika yokha. Tatsokomolako pang'ono ngati muja, awa a Nasimango sanaonere."

"Pakhosi pandiuma lero, mayi."

"Aa, pang'ono pokha. Wayamba kunyada kodi?"

Veronika asanayankhe, kutsokomola kuja kunabwera kokha kuchokera mkati, konse, mpaka kamluzu kake. Amayi aja anayang'ana zala za kumapazi. A Nasimango anakonza chitenje chimene chinali chokonzeka kale.

"Mphepo ya chaka chino njoipa," anatero mayi Rozi. "Tiyeni amayi, kukuda."

Dzuwa linali lidakali pamutu. Mtedza wokazinga umene a Agnes anawaikira m'mbale unatsala osakhudzidwa.

Mwezi unapita kumapeto, ndipo mwini ngolo anavomera kubwera Lolemba. Lachisanu masana Veronika analowa kuchipinda cha kuseri ndi phala. Munali fungo la chimanga chothira mankhwala ndi la thukuta la munthu wodwala. Caroline anali atatsamira thumba, maso okha ndiwo anali aakulu.

"Lowa, Tiyanjane."

"Asisi, musanditchule choncho."

"Nanga ndikutchule chiyani, poti dziko lonse likutero? Khoma ili ndi la zidina, Vero, ndimamva zonse. Za Cyprian ndinamva, za atsibweni ndinamva, za ngolo ndamva. Khala apo. Tandionetsa mmene unandichitira."

"Sindingathe."

"Unatha pamaso pa makamera, ukanike pamaso pa mwini wake? Chita."

Veronika anaika phala pansi. Anatsamira khoma, nagwetsa phewa limodzi, nakanikiza chikhatho pansi pa bere lamanzere, natsokomola. Caroline anamuyang'anitsitsa, kenako anayamba kuseka. Kusekako kunasanduka chifuwa, ndipo kwa kanthawi awiriwo anali kutsokomola mofanana, wina zenizeni wina zabodza, mpaka Veronika analeka nayamba kumusisita pamsana.

"Dzanja ndimaika pamenepo? Ine osadziwa."

"Mundikhululukire, asisi. Ndinakuberani."

"Unaba chiyani, chifuwa? Ukanatenga chonse ndikanakuthokoza." Anapuma pang'ono. "Mufilimumo ndimafa?"

"Mumafa."

"Maliro ake?"

"Aakulu. Kwaya ndi maluwa omwe."

"Ndikufuna ndikaone ndisanakwere ngoloyo. Anthu onse aona maliro anga kupatula ine. Undiperekeze kwa Greyson Lamulungu. Koma masana, Vero. Ndatopa kutulutsidwa kukada ngati kadzidzi."

Veronika anaganiza za msewu wodutsa pakati pa mudzi, za mjigo, za chithunzi chake pamwamba pa masikono, za galimoto ya a bungwe imene mwina sidzabweranso. Caroline anamuwerenga pankhope.

"Ukuopa za atsibweni zija. Sindikukukakamiza. Iweyo uli ndi ulendo kutsogolo."

"Idyani phala lisanazizire," anatero Veronika. "Njinga ya ababa ilibe mpweya kumbuyo. Ndikabwereka pampu mawa."

Lamulungu Misa itatha, a Maliko anatsalira ku parishi pa msonkhano wa atsogoleri, njinga ataisiya kunyumba poti anapita wapansi ndi anzawo. A Agnes atauzidwa za ulendowo sanafunse funso. Anatenthetsa madzi, namusambitsa mwana wawo, namudzoza mafuta, namuveka diresi imene anabwera nayo kuchokera ku Chipata. Inali itakula kwambiri moti anachita kuikulunga ndi chitenje m'chiuno. Pa kaliyala anamangapo pilo. Atamukweza, Caroline anatseka maso chifukwa cha kuwala, nakhala choncho nkhope italoza kudzuwa.

"Pita naye bwino," anatero a Agnes. "Za abambo ako undisiyire ine."

Veronika sanapalase. Anaikankha njingayo pang'onopang'ono, dzanja limodzi pa handulo, lina kumsana kwa mkulu wake. Pa mjigo mayi wina anayamba kukuwa, "Tiyanja..." koma dzinalo linamuthera pakamwa. Caroline ankapereka moni kwa aliyense pomutchula dzina. "Mwaswera bwanji a Cyprian? Kabichi wakula kudimba?" Ena anayankha, ena anatanganidwa mwadzidzidzi ndi zingwe za mbuzi. M'mbuyo mwawo anthu anayamba kutsatira chapatali, pakuti palibe Mmalawi amene amalola nkhani imudutse pakhomo.

Greyson anali pakhomo pa kanyumba kake, jenereta ikulira kuseri. Ataona awiriwo anakanda m'mutu.

"Asisi awa akwanitsa kukhala mpaka kumapeto?"

"Akwanitsa. Tiikireni Tiyanjane."

"Ndimati ndiike ya karate, anyamatawa..."

"Ikani Tiyanjane, a Greyson," anatero Caroline. "Mwini filimu wabwera."

Mkati munali modzaza, poti linali Lamulungu. Koma benchi yakutsogolo, imene anthu ankailimbirana masiku onse, inapezeka kuti ili ndi malo okwana banja lathunthu. Veronika anamukhazika mkulu wake pamenepo namutsamiza paphewa pake. Otsatira aja anadzaza kumbuyo ndi m'mawindo. Mayi Rozi ndi anzawo anali m'gulumo, adakali mu yunifolomu ya kutchalitchi.

Masiku onse filimu imeneyi inkaonedwa ndi phokoso. Anthu ankamulangiza Tiyanjane kuti asakwere thirakiyo, ankamutukwana dalaivala, ankanena mawu asanatuluke m'kamwa mwa osewera. Tsiku limenelo kunali zii. Tiyanjane anagulitsa mazira ake pa boda, anasekerera dalaivala, anakwera. Caroline anagwedeza mutu ngati munthu amene akuona njira ya kwawo. Tiyanjane anabwerera kumudzi atawonda, natsamira khoma, natsokomola. Caroline pabenchi paja anayankha ndi chifuwa chake, ndipo mnyamata wina kumbuyo anatuluka osabweranso.

Kenako panafika gawo limene a bungwe ankalikonda kwambiri. Amayi a m'mudzi anatulukira pa sikirini ali pamzere, wina wasenza nkhuni, wina ndowa ya madzi, wina ufa m'lichero. Anamunyamula Tiyanjane namugoneka padzuwa pansi pa mtengo wa mango. Mayi wina wonenepa anagwada namusambitsa miyendo, namupukuta ndi chitenje chake chomwe, namumwetsa madzi m'kapu, iye namwanso m'kapu yomweyo akuyang'ana kamera. Abambo a m'mudzi anakhala pakhonde ndi bambo a wodwalayo akuwalimbikitsa. Kwaya inaimba pakhomo. Tiyanjane anafa mutu uli pamiyendo ya mnansi.

Nthawi imeneyo n'kuti a Maliko ataima kale pakhomo, chipewa m'manja, akupuma mofulumira. Wina anali atawathamangira ku parishi. Koma kuti akafike kutsogolo anayenera kudutsa mudzi wonse, ndiye anangoima pomwepo.

Tepi itatha, sikirini inatsala ikuthwanima mchenga. Greyson anatsitsa mawu. Palibe amene ananyamuka. Caroline anadzutsa mutu paphewa pa mng'ono wake. Mawu ake anali aang'ono, koma m'chipindamo ngakhale mpweya wa munthu unkamveka.

"Vero, wakhoza. Chifuwa ndi changa, mazira ndi anga, ndi kagonedwe komwe. Koma ndifunseko. Anthu obwera ndi nkhuni ndi madzi aja, oimba pakhomo aja, munakawatenga mudzi uti?"

Veronika anadziwa kuti akayankha funso limenelo, pa mjigo azidzaima pamzere ngati wina aliyense.

"Ndi a m'mudzi mwathu momwemu, asisi. Osambitsa miyendo aja ndi mayi Rozi. Osenza nkhuni aja ndi akazi a Cyprian. Kwaya ndi ya mphakati wathu."

"Ndinawazindikira. Ndimangofuna kutsimikiza, poti maso anga anazolowera mdima." Caroline anatembenuka pang'onopang'ono, nafunafuna ndi maso mpaka anawapeza. "Mayi Rozi, mumatha kuzonda odwala. Ndithu mumatha. Ine ndinalira nawo."

Mayi Rozi anayang'ana kudenga la malata ngati kwalembedwa yankho. Kunalibe.

A Maliko ndiwo anayamba kusuntha. Anthu anawapatukira. Anafika pabenchi, naima, nayang'ana mwana amene sanamuone masana chiyambire mvula yapita. Aliyense anadikira kukalipa. Iwo anangowerama, namunyamula ngati mtolo wa mapesi, natuluka naye. Anamukhazika pa kaliyala, nagwira handulo okha. Pa mphambano anaima kanthawi, pakuti panali kanjira kachidule kodzera m'minda. Anadzera msewu waukulu.

Ngolo inabwera Lolemba m'mawa. A Agnes anatuluka nauza mwini wake kuti katundu wasintha maganizo, ndipo a Maliko, amene anali pakhonde akunola khasu, sanatsutse. Saka lija linachotsedwa pawindo. Kuyambira tsiku limenelo Caroline ankagona pamphasa kutsogolo kwa nyumba, dzuwa likumuomba, akuyang'ana msewu. Anthu anapeza njira zina zopitira kumjigo. A Benedicto anatsitsa chithunzi chija kwa masiku angapo, koma atamva kuti a ku Lilongwe sanasinthe maganizo, ndipo kuti galimoto idzabwera kudzamutenga Veronika mwezi wa Ogasiti, anachikhomanso.

Wodzazonda sanabwere sabata imeneyo, ngakhale yotsatira yake. Caroline anamwalira kumapeto kwa Julaye, masana, mutu uli pamiyendo ya mng'ono wake.

Pa maliro pokha ndiye panagwa anthu. Anachokera ku Kachebere, kwa Zulu, ena mpaka pa boda, ndipo njinga zinasowa pozitsamiza. Nkhuni zinabwera, madzi anabwera, kwaya inaimba. Ambiri mwa alendowo womwalirayo sankamudziwa n'komwe. Anamva kuti kwafa mkulu wake wa Tiyanjane, ndiye ankaimirira pa zala kuseri kwa anzawo kuti amuone mwini wakeyo akulira. Veronika analira ngati mmene amalirira munthu aliyense, mamina ndi misozi pamodzi, mawu atasasa.

Pobwerera kumanda anthu ankauzana m'njira kuti mtsikanayu luso ali nalo, koma mufilimu muja analira bwino kuposa lero.